Sabata Imodzi ku Bloomington Pakati pa Osaka Ming'alu

Tinanyamuka pa bwalo la ndege la ku Lilongwe m'mwezi wa June chaka cha 2019 titavala majuzi, pakuti chisanu chinali chitafika pachimake. Koma titatera pa bwalo la Minneapolis ndi Saint Paul, m'chigawo cha Minnesota ku America, tinapeza kuti kumeneko ndi nyengo yotentha, ndipo dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku. Minnesota ndi dziko la madzi. Eni ake amalitcha dziko la nyanja 10,000, ndipo mtsinje waukulu wa Mississippi umayambira komweko.

Ife sitinapitire nyanjazo. Tinapitira mwana wathu wachisamba amene anali pa sukulu ya ukachenjede m'chigawocho. Tinali titamva kuti amachezera usiku pa masewera a pa kanema, ndiponso kuti mayeso ake a chaka chimenecho sanayende bwino. Mitima yathu inali yolemera, ndipo mau omudzudzula tinali titawakonzeratu m'ndege muja.

Iye anatimvetsera mwaulemu mpaka tinamaliza. Kenaka anati, "Bambo, Mayi, ndamva. Koma musanandiweruze, ndikupempheni kuti mukaone kaye anthu amene ndimacheza nawo. Akusonkhana sabata ino ku Bloomington." Popeza safunsa anadya phula, tinavomera.

Bloomington ndi mzinda wa kumwera kwa Minneapolis, m'mbali mwa mtsinje wa Minnesota. Alendo ambiri amaudziwa chifukwa cha Mall of America, chinyumba cha masitolo mazanamazana chimene chinatsegulidwa mu 1992. Ife tinachilambalala ndi kukafika pa hotela ina ya m'mphepete mwa mseu waukulu, kumene kunali msonkhano wotchedwa Summer Games Done Quick, kuyambira pa 23 mpaka pa 30 June. Kumeneko kumasonkhana anthu amene luso lawo ndi kumaliza masewera a pa kanema m'nthawi yochepetsetsa. Masewera amene mwana wamba amalimbana nawo mwezi wathunthu, iwo amawatsiriza madzi a nsima asanawire.

Mwana wathu anayamba watilowetsa m'chipinda chochitira zoyeserera. Tinadabwa kuona mizere ya mawailesi a kanema achikale, a chimsana chachikulu aja, m'dziko limene tinkaganiza kuti zakale zonse anataya. Anatiuza kuti akalewo amaonetsa chithunzi pompopompo munthu akangodina batani, pamene ambiri atsopano amachedwako pang'ono, ndipo kuchedwa kosaoneka ndi maso kumeneko n'kokwanira kuononga mpikisano.

Pa wailesi ina panali mnyamata amene anali kusewera Super Mario 64, masewera a kampani ya Nintendo ya ku Japan a mu 1996. M'menemo muli makwerero amene satha. Opanga anakonza kuti wosewera amene sanatole nyenyezi 70 azingokwera osafika pamwamba. Koma mnyamatayo anatembenuza kamunthu kake, nayamba kukalumphitsa chafutambuyo mobwerezabwereza, ndipo mwadzidzidzi kanauluka ngati mwala wa pa legeni n'kukagwera pa khomo la pamwamba. Chinsinsi chake n'chakuti opangawo anaika malire pa liwiro lopita kutsogolo, koma sanatchinge bwino liwiro lobwerera m'mbuyo. Chotero liwirolo limangokulirakulira kufikira kamunthuko kadumpha malo amene akanakabwezera pansi. Cholakwika chotere iwo amachitcha glitch. Ife tinachitcha mng'alu, pakuti chili ngati mng'alu wa pa chipupa umene mmisiri sanauone, koma buluzi anaupeza.

Kupeza mng'alu si ntchito ya tsiku limodzi. Munthu amagunditsa kamunthu kake pa ngodya imodzi kambirimbiri, akusintha pang'onopang'ono mayendedwe ake, osadziwa ngati padzatuluka kanthu. Tinakumbukira mau a makolo akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Chitsanzo chachikulu cha kudekhako ndi Super Mario Bros. ya mu 1985. Masewerawa amaonetsa zithunzi pafupifupi 60 pa sekondi imodzi, koma amalola wosewera kuchoka pa gawo lina kupita pa lina kamodzi kokha pa zithunzi 21 zilizonse. Osewera amafanizira ndi basi: ngakhale uthamange chotani, ukafika pa siteji uyenera kudikira kuti inyamuke, ndipo ukachedwa ndi chithunzi chimodzi wakwera yotsatira. Pa nthawi ya ulendo wathu, katswiri woposa onse ankamaliza m'mphindi 4 ndi masekondi 55. Panapita zaka ziwiri kuti wina, wodziwika ndi dzina lakuti Niftski, atsike pansi pa masekondi 55 amenewo mu 2021.

Pangodya ina panali phokoso la anyamata ndi asungwana opikisana pa Mario Kart 64, masewera a timagalimoto ta mjaha. Pa bwalo lotchedwa Wario Stadium tinaona mtsikana akulumphitsa galimoto yake pa khoma, n'kudula gawo lalikulu la njira. Pamenepo mmodzi wa ife sanathe kudzigwira. "Mwana wanga, kodi kumeneku si kubera?"

"Iyayi, Mayi," anayankha. "Kubera ndi kuchita mobisa chimene anzako sakuchidziwa. Pano malamulo amagwirizana poyera. Amene amadutsa njira za chidule ali ndi kaundula wawo, amene amazungulira njira yonse alinso ndi wawo, ndipo sawasakaniza." Anatifotokozeranso kuti munthu akati waposa anzake ayenera kuonetsa kanema wa masewera ake onse, ndipo pali anthu odzipereka amene amaupenda mosamala. Amene agwidwa atalumikiza zidutswa za makanema osiyana amachotsedwa m'kaundula, ndipo mbiri yake imathera pomwepo.

Koma chimene chinatikhudza koposa chinachitika mpikisano utatha. Mtsikana wopambana uja anakoka mpando, nakhala pafupi ndi mnyamata amene anamugonjetsa, nayamba kumuphunzitsa malo enieni olumphirapo. Anabwereza naye kufikira mnyamatayo anakhoza, ndipo woyamba kuomba m'manja anali mtsikanayo. Ife tinakulira kumudzi kumene mlenje sauza mnzake pamene watchera msampha, ndipo msodzi amabisa malo a nsomba. Kuno mwambo ndi wina. Wotulukira mng'alu amaulengeza kwa onse, amalemba malongosoledwe ake pa intaneti, ngakhale akudziwa kuti mawa lomwe wina adzamuposa ndi nzeru yomweyo. Wina amapeza mng'alu, wina amafufuza chifukwa chake, wachitatu wa zala zopepuka ndiye amaugwiritsa ntchito. Dzina la pamwamba pa kaundula limakhala la munthu mmodzi, koma aliyense amadziwa kuti mutu umodzi susenza denga.

Madzulo tinalowa m'holo yaikulu. Kutsogolo kunali wosewera, kumbuyo kwake sofa ya anzake ofotokozera khamu zimene zikuchitika, ndipo pambali munthu wowerenga mauthenga a opereka ndalama. Masewera sanali kuima usana ndi usiku kwa sabata yathunthu, ndipo anthu a m'maiko ambiri ankaonera pa Twitch. Mauthenga ena anali a nthabwala, ena okumbukira abale amene anatsikira kuli chete. Wosewera akalakwitsa, holo yonse inkabuula naye pamodzi, ndipo akakhoza pa malo ovuta inkagwedezeka ndi m'manja.

Msonkhano umenewu unayamba mwaung'ono mu January 2010, m'chipinda cha pansi pa nyumba ya mayi a Mike Uyama ku Virginia, ndipo anasonkhanitsa madola opitirira 10,000 a bungwe la CARE. Tsopano umachitika kawiri pa chaka: wa m'nyengo yozizira umathandiza Prevent Cancer Foundation, bungwe lolimbana ndi khansa, ndipo wa m'nyengo yotentha umathandiza Doctors Without Borders. Titamva dzina limeneli tinayang'anana. Ndi madokotala omwe aja a MSF amene anayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo ku Chiradzulu mu 2001, amenenso anathamangira ku Nsanje ndi ku Beira madzi atasefukira mu March chaka chomwecho cha ulendo wathu. Pa usiku wotsiriza chiwerengero cha pa kanema chinadutsa madola 3 miliyoni, kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya msonkhanowu.

Tisakunamizeni, makolo anzathu, kuti zonse zinali zokoma. Tinaona ena maso ali psu chifukwa chosagona, ena atamanga nsalu pa mikono chifukwa cha kupweteka kwa minyewa. Chinthu chimene chimafuna kubwereza kosatha chikhoza kumeza maphunziro, ntchito ndi banja, ndipo cha mwana wathu chinali chitayamba kale kumeza.

Pobwerera m'galimoto iye anatiululira chimene sanalembepo m'makalata. Chaka chake choyamba, chipale chitakuta dziko lonse ndipo mdima ukugwa 5 koloko isanakwane, ankatha masiku osayankhula ndi munthu. Amene anayamba kumuitana ndi dzina lake, namufunsa ngati wadya, anali osaka ming'alu omwewa. Tinakhala chete kwa kanthawi, pakuti m'makalata athu tinkangofunsa za mayeso.

Chidzudzulo chathu sitinachitaye, koma chinatuluka mosiyana ndi mmene tinachikonzera. "Iwe," tinatero, "munthu amene angathe kubwereza kulumpha kumodzi usiku wonse sangalephere masamu chifukwa chosowa khama. Koma dziwa kuti makwerero a sukulu alibe mng'alu. Nyenyezi zake uyenera kuzitola zonse." Anaseka, nalonjeza kuti masewera adzakhala a Loweruka lokha kufikira atakonza mayeso ake, ndipo ifenso tinalonjeza kuti tidzafunsa za anzake ndi za mtima wake, osati za malikisi okha.

Kwa inu makolo amene mwana wanu amakhalira pa kanema, uphungu wathu ndi wochepa: tsiku lina kokani mpando, mukhale pambali pake, mumufunse chimene akusaka ndiponso amene akusaka naye. Ndipo inu achinyamata, muyese chibwenzi chanu ndi muyeso wa mtsikana wa pa Wario Stadium uja. Ngati mnzanu akondwera pamene mwamuposa, ameneyo musamutaye.