MFUTI YOWONDA NDI MASO OKALAMBA

Ku Malambo, m'dera la Mambwe kumene mtsinje wa Lupande umatsikira ku Luangwa, kuli mkulu wina amene anathera unyamata wao wonse pa nchito yolonda nyama za Boma. Atapuma pa nchitoyo anabwerera kumudzi ndi katundu wocepa: njinga, bokosi la zobvala, ndi mfuti yao-yao imene anaigula ndi ndalama zosunga pang'ono-pang'ono. Mfutiyo ndi ya mtundu wa Brno, yopangidwa m'dziko limene pa nthawiyo linali kuchedwa Czechoslovakia, ndipo imadya zipolopolo za 7x57, zimene a Mauser a ku Germany anazipanga m'caka ca 1892. Ndi mfuti yowonda, yolemera makilogalamu atatu ndi pang'ono, ndipo mtengo wace unasalala ndi thukuta la m'manja. Munthu angathe kuinyamula ndi dzanja limodzi kucokera m'mamawa kufikira dzuwa litapendeka, osadandaula phewa. Akazi ao amanena moseka kuti m'nyumbamo muli mitala, ndipo mkazi wamng'ono ndi uja amagona m'bokosi lokhoma.

Caka cimene Boma lalola, mkuluyo amapempha cilolezo ca mphala imodzi kapena njiri m'dera la Lupande, limene liri limodzi la madera ozungulira nkhalango ya South Luangwa kumene anthu okhala ndi mapepala amaloledwa kusaka. Nyama imodzi ioneka ngati yocepa, koma ikawambidwa bwino imakhala ndiwo ya masabata ambiri pa banja, ndipo abale a pafupi amalawako.

Tsono maso sapempha cilolezo kwa mwini wace akafuna kukalamba. Zoonera zacitsulo za pa mfuti zimafuna kuti diso ligwire zinthu zitatu nthawi imodzi: kampata ka kumbuyo, kamkanda ka kunsonga ya mpope, ndi nyama imene iri patali. Diso la mnyamata limalumpha pakati pa zitatuzi mofulumira kotero kuti mwini wace sazindikira n'komwe. Diso la munthu amene wapitirira zaka 50 limakana. Kwa mkuluyo kampata ka kumbuyo kanayamba kuoneka ngati nkhungu ya m'dambo, ndipo kawiri anatsitsa mfuti osaombera, nabwerera kumudzi cimanja-manja. Galasi loonera patali limathandiza pa bvuto lotere, pakuti limaika kamtanda kolozera ndi nyamayo pamalo amodzi pamene diso lokalamba liona zonse bwino.

Mwana wa mlongo wao, amene agwira nchito ku Lusaka, atamva za ici anabwera ndi mphatso. Linali galasi lalikulu, lokulitsa cinthu katatu kufikira kasanu ndi kanai, ndipo kukamwa kwace kunali kwa mamilimita 50. Pamodzi nalo panali zomangira zace: kacitsulo kafulati koika pamwamba pa mfuti, ndi mphete ziwiri zazitali miyendo. Wogulitsa anali atamuuza kuti zomangirazo zimakwana pa mfuti iri yonse.

"Amalume," anatero mnyamatayo, "ndi ili mudzaona ndi nkhupakupa zomwe pa khutu la mphala."

Mkuluyo anaombera m'manja nalandira. Atamanga galasilo anaona msanga kuti mfuti yao yasintha khalidwe. Inalemera kumwamba ngati kamtsikana kosenza mtsuko wa amai ace, ndipo poinyamula inali kupendekera m'mbali. Coipa koposa, tsaya lao silinakhalenso pa mtengo wa mfuti monga linazolowera kwa zaka zonsezi. Kuti diso lifike pa galasi anafunika kutukula mutu mpaka cibwano cokha ndico cinali kukhudza mtengo. Koma mphatso ya mwana sainyoza pamaso pace. Anaombera zipolopolo zitatu pa pepala lokhomedwa patsogolo pa culu, zonse zinagwera pafupi ndi pakati, ndipo onse awiri anakondwa.

M'mwezi wa Okutobala, pamene nthaka ya ku Malambo imaocha mapazi ndi m'nsapato momwe, mkuluyo anamanga mfuti pa njinga nayenda ulendo wautali m'njira ya mabampu, kenaka nalowa pansi m'mitengo ya tsanya. Dzuwa liri pamutu anapeza tonde wa mphala ataima yekha pa mtunda wa mapazi ngati 100. Anatsamiza mfuti pa mtengo, naika kamtanda kumbuyo kwa phewa la nyamayo, naombera. Mphala inapinda msana, nithawa mokoka miyendo. Mlenje ali yense adziwa tanthauzo lace: cipolopolo calowa m'mimba.

Lamulo limafuna kuti wolasa nyama ailondole mpaka aitsirize, ndipo ngakhale lamulolo likadapanda kukhalapo, mkuluyo akadailondolabe. Anatsata timadontho ta magazi osakanizika ndi zobiriwira za m'matumbo kufikira mdima unawabweza. M'mawa mwace anatsogozedwa ndi miimba. Anapeza nyanga, ziboda, ndi mapazi a afisi. Cilolezo ca caka cimeneco cinathera pomwepo, ndipo m'nyumba munalibe ngakhale fupa. Koma cimene cinawadya mumtima sicinali ndiwo ai. Pa nchito yao yakale anadzudzulapo anthu ambiri cifukwa cosiya nyama zolasidwa m'thengo, ndipo tsopano iwo omwe anali atagoneka mphala usiku ndi ululu wa m'mimba. Anauza akazi ao kuti, "Maso atha, manja nawonso atha. Iyi ndidzakaipereka ku polisi." Anaitsekera m'bokosi, osaipukuta mafuta kwa masabata atatu, cinthu cimene sanacitepo ciigulireni.

Mwana wa mlongo wao atabwera pa Khirisimasi anapempha kuti aione mfutiyo. Poitulutsa m'bokosi anaigwira pa galasi, namva kanthu kakugwedera pang'ono pansi pa dzanja lace. Atayang'anitsitsa padzuwa, onse awiri anaona kamzere konyezimira pa thupi la galasi m'mbali mwa mphete, pamene utoto wakuda unasupuka. Kacitsulo kafulati kaja nako kanali katasuntha pamalo pace, ndipo m'mphepete mwace munali mutaphwanyika ngati sopo. Mkuluyo anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anati, "Kodi sanali maso anga?"

Cimene cimacitika n'cakuti mfuti ikalira imabwerera m'mbuyo mwadzidzidzi, koma galasi, pokhala ndi kulemera kwace-kwace, limafuna kutsala pamene linali, monga momwe anthu oimirira m'lole amagwera kumbuyo loleyo ikanyamuka mothamanga. Nchito yonse yokoka galasi kuti litsatire mfuti imagwera pa mphete ndi timasikuluwu tace. Galasi likakhala lolemera, kukokako kumakula. Mfuti ikakhala yopepuka, imabwerera mofulumira koposa yolemera ya zipolopolo zomwezo, ndipo kukokako kumakulanso. Mphete zikatalika miyendo, zimapindika mosabvuta monga mtengo wautali umapindikira ndi mphepo. Pa mfuti ya mkuluyo zitatu zonsezi zinakumana, ndipo mabampu a panjinga anangotsiriza nchito imene zipolopolo zitatu zija zinayamba.

Kusunthako sikufunika kukhala kwakukulu. Mphete ziwirizi zimatalikirana pafupi-fupi masentimita 10. Imodzi ikasunthira m'mbali ndi gawo limodzi la magawo khumi a milimita, kumene kuli ngati kukhuthala kwa pepala la m'buku, cipolopolo cimapatuka ndi masentimita 10 pa mtunda wa mamita 100. Mapepala awiri kapena atatu otere ndi okwana kucotsa cipolopolo pa mapapo a mphala ndi kucipereka m'matumbo.

Mvula itatha, awiriwo anakwera basi ku Chipata kupita ku Lusaka, mfuti iri m'thumba lace ndipo laisensi iri m'thumba la malaya, nakaonana ndi munthu wina wacikulire wokonza mfuti. Iye sanayambe ndi mphete. Anayamba ndi kufunsa kuti mkuluyo amasaka nthawi yanji ndipo amaombera patali bwanji. Magalasi a kukamwa kwakukulu amapangidwira alenje a kumaiko kumene amadikira nyama m'cisisira. Kuno lamulo silola kusaka usiku, ndipo kuwala kwa ku Malambo sikusowa woonjezera. Anatulutsa kagalasi kokulitsa kanai kokha, ka kukamwa kwa mamilimita 32, kolemera pafupi-fupi theka la lija lalikulu. Iyi ndiyo inali njira yoyamba yocepetsera katundu, ndipo inaposa zina zonse, pakuti kagalasi kakang'ono kamalola mphete zazifupi, ndipo mphete zazifupi zimakhala zopepuka ndi zolimba nthawi imodzi.

Kenaka anawaonetsa cinthu cimene anakhala naco zaka zonsezi osacisamala. Pamwamba pa mfuti za Brno zotere pali mipata iwiri yosemedwa m'citsulo ca mfuti momwemo, ya mamilimita 19 m'lifupi, ndipo pa mpata wa kumbuyo pali kabowo kolandira dzino la mphete. Mphete yopangidwira mfuti imeneyi imaluma mipatayo yokha popanda kacitsulo kafulati pakati, ndipo dzino lace likalowa m'kabowoko siingathe kutsetsereka. Cinthu ciri conse coikidwa pakati pa mfuti ndi galasi cimaonjeza kulemera, cimaonjeza kutalika, ndipo cimabwera ndi timasikuluwu tina toti tidzamasuke tsiku lina. Mau aja akuti zomangira zimakwana pa mfuti iri yonse ndi oyenera kuwaopa, monganso nsapato imene akuti imakwana phazi liri lonse. Mfuti zina ziribe mipata yotere koma ziri ndi timabowo ta masikuluwu; pa zimenezo pali mphete zopangidwa pamodzi ndi tsinde lace ngati cinthu cimodzi, zonga zimene amapanga a Talley ku America, ndipo colinga cace n'cimodzi-modzi.

Pa nkhani ya citsulo panali mtsutso. Mkuluyo, atapsa kale, sanafune kumvanso za citsulo copepuka. Wokonza mfutiyo anaika mphete za mitundu iwiri m'manja mwao. Aluminiyamu imalemera pafupi-fupi gawo limodzi la magawo atatu a citsulo ceni-ceni ca ukulu womwewo, ndipo sicita dzimbiri ndi thukuta kapena mvula. Koma aluminiyamu iri mitundu-mitundu. Pali yolimba yonga ya ndege, imene amaisema ndi makina, ndipo pali zitsulo zofewa zongosungunula ndi kuthira m'cikombole, zonga za kacitsulo kanawapusitsa kaja. Citsulo ceni-ceni cimapirira dzanja la munthu womanga mopitiriza muyeso. Aluminiyamu ikamangidwa mwaukali mazinga ace amadyeka. Kunena zoona, pa mphete zing'ono-zing'ono kusiyana kwa kulemera si kwakukulu, ndipo amene angasankhe zacitsulo zowonda sanalakwe konse. Mkuluyo anaziyesa-yesa m'manja, nakumbukira maulendo a m'Okutobala, nasankha za aluminiyamu yolimba zokhala ndi timasikuluwu tacitsulo.

Kutalika kwace anakuyesa pa mfuti pomwepo. Mphete zazifupi kopambana zinakanika, cifukwa cogwirira ca citsulo cokokera zipolopolo cinali kugunda galasi pocitukula, monga zimacitikira kawiri-kawiri pa mfuti za Brno. Zotsatira zace zinakwana: cogwiriraco cinadutsa, pepala linalowa momasuka pakati pa mpope ndi kukamwa kwa galasi, ndipo pokhala mphete ziwiri zosiyana, pamwamba polowetsera zipolopolo panakhala poyera kuti cala cigwire nchito. Mphetezo zinali za inchi imodzi monga thupi la kagalasiko. Pali magalasi ena a mamilimita 30, ndipo mphete za mtundu wina sizigwira galasi la mtundu winawo. Pomaliza wokonzayo anauza mkuluyo kuti atseke maso, aike mfuti paphewa monga acitira nthawi zonse, ndi kutsegula. Atatsegula, kamtanda kanali pamaso pao, tsaya liri pamalo pace pakale. Anasendeza galasilo mpaka linatalikira diso ndi zala zinai, kuti mfuti pobwerera lisawatseme pa nsidze. Timasikuluwu anatipukuta mafuta onse, natimanga mosinthana-sinthana, uku pang'ono uku pang'ono, osafinya thupi la galasi.

Atabwerera kumudzi anapitanso pa culu cija. Anacotsa citsulo cokokera zipolopolo nasuzumira m'mpope kuti mpope ndi kamtanda ziloze pamodzi, naombera coyamba pa mamita 25 kuti asataye zipolopolo, pakuti n'zodula ndiponso n'zowerengeka pa laisensi. Kenaka anabwerera pa mamita 100. Zitatu zinagwera pamalo oti cikhatho cimodzi n'kuphimba. Mkuluyo anatenga pensulo nalemba kamzere pa thupi la galasi m'mphepete mweni-mweni mwa mphete iri yonse. Anamanga mfuti pa njinga, naizunguza m'mabampu mpaka kusukulu ndi kubwerera, naomberanso cimodzi. Cinalowa pakati pa zinzace.

Mnyamatayo anali ataima pambali ndi galasi lalikulu lija m'manja, ali ndi manyazi. "Ndikaligulitse, amalume?" anafunsa.

"Iai, mwana wanga, lisiye," anayankha mkuluyo. "Liri ndi nchito."

Lero galasilo limakhala pa nsanja ya kumunda, lokulungidwa m'kathumba ka nsaru. Cimanga cikayamba kukhwima adzukulu amalimbirana kuti ndani aliike pa diso madzulo, kuyang'ana kumphepete kwa nkhalango ngati njobvu zayamba kutuluka. Mfuti yowonda ija inabwerera m'bokosi lace lokhoma, yopukutidwa mafuta. M'Okutobala wotsatira mkuluyo anadzuka tambala asanalire, nayatsa nyali, nayang'ana timizere tiwiri ta pensulo tija. Tinali pamalo pace. Anazima nyaliyo, nauza akazi ao kuti asakiretu mcere ndi nkhuni zowambira.