Kanyumba ka Amtengatenga pa Namaka

Pa mseu wochokera ku Blantyre kunka ku Zomba, pa Namaka, tinaima kuona kanyumba kakang'ono. M'menemo ankapumulamo amtengatenga, amuna osenza matumba a makalata, oyenda pansi m'dzuwa ndi m'mvula. Lero kanyumbako kasunga zakale za positi.

Masitampa oyamba a dziko lino, a chaka cha 1891, anali a kampani ya Rhodes, odindidwa zilembo B.C.A. Pa masitampa a 1934 anajambulapo nyalugwe ali pathanthwe, mbale wake wa mphaka, chilombo chomwe amtengatengawo ankachiopa m'thengo.

Makolo okondedwa, musaponye pamoto makalata akale. Ana anu asunge masitampa ake, kuti akumbukire anthu amene anasenza mau a anzao mokhulupirika, monga ifenso tiyenera kusenza Mthenga Wabwino.