Ameba wa m'matumbo mwa anyani: diso lokha silinkakwanira

Pamene anthu a msinkhu wanga tinkabadwa, woyeza chimbudzi cha nyani kapena chimpanzi ankadalira diso lake ndi maikulosikopu basi. Ameba akamatuluka m'thupi amadzikuta m'kachikwa, ndipo ntchito inali kuwerenga timadontho ta m'katimo. Tikakhala 8, ameneyo ndi Entamoeba coli wosadwalitsa. Kakakhala kamodzi, ndi Entamoeba chattoni wofala mwa anyani. Tikakhala 4, ankalemba kuti Entamoeba histolytica, woyambitsa kamwazi ndi zotupa za m'chiwindi, ndipo apa ndi pamene panagona vuto. Emile Brumpt ananena kale mu 1925 kuti alipo ameba wina wooneka chimodzimodzi koma wosavulaza, n'kumutcha Entamoeba dispar, koma ambiri sanamumvere mpaka Louis Diamond ndi Graham Clark atatsimikizira mu 1993, bungwe la zaumoyo la WHO n'kuvomereza mu 1997. Kenaka mu 2007 Hiroshi Tachibana ndi anzake anasonyeza kuti ameba woopsa wa anyani a rhesus a ku Nepal si histolytica ayi, n'kuukitsa dzina la Entamoeba nuttalli limene Aldo Castellani anapereka mu 1908.

Choncho atatu amene diso linkawayesa mmodzi anasiyanitsidwa ndi DNA, poyeza ndi njira yotchedwa PCR, ndipo ine ndikuti kusinthaku n'kofunika kwambiri. Dzina lolakwika limachititsa kuti nyama imwetsedwe mankhwala a metronidazole popanda chifukwa. Limasokonezanso funso lalikulu: pakati pa anthu ndi nyama, ndani akupatsira mnzake? Kumene anthu ndi achimpanzi amayandikana, monga ku Gombe ku Tanzania, n'kosavuta kuloza chala nyama, chonsecho histolytica weniweni akapezeka mwa chimpanzi tiyenera kufunsanso za zimbudzi ndi madzi a anthu. Malipoti ambiri akale onena kuti anyani adzaza ndi histolytica tiyenera kuwawerenga mosamala, chifukwa olembawo analibe njira yomusiyanitsira ndi dispar.

Ena amati PCR ndi yodula, imafuna magetsi osazimazima ndi mankhwala ochokera kunja, pamene maikulosikopu imagwira ntchito ngakhale kutchire. N'zoona, ndipo sindikuti itayidwe. Ndi imene imaonetsa mazira a njoka za m'mimba, komanso ameba wamoyo amene wameza maselo ofiira a magazi, chizindikiro choti akudya matumbo. Koma kutchipa kwa chipangizo sikupangitsa yankho lake kukhala lolondola, ndipo chimbudzi chosungidwa mu ethanol chimatha kudikira mpaka chikafike ku labotale yakutali. Ena amati DNA imangosonyeza kuti kachilombo kalipo, osati kuti nyama ikudwala. Apa akunena zomveka, pakuti anyani ambiri okhala ndi nuttalli amaoneka athanzi. Ndiye dokotala wa nyama aziona nyamayo, osati pepala lokha. Koma woyeza akaona timadontho 4 alibe PCR, alembe zimene waonadi, kuti akhoza kukhala histolytica, dispar kapena nuttalli, osasankha dzina loopsalo chifukwa ndi limene analizolowera.