Chithunzi cha pa laputopu chikakana kusintha, musafulumire kulipira

Ife ndi mayi a kunyumba timaoda katundu ku Joni n'kumagulitsa ku Limbe, ndipo chaka chatha tinaonjezerapo malaputopu ogwirapo kale ntchito. Lero tati tikugawireni zomwe zinatichitikira, chifukwa kanthu kamene tinkakayesa kachabechabe kanatidyera phindu la ulendo wonse.

Tinagula malaputopu 6 pa shopu ina m'tauni ya Johannesburg. Tinayesa zomwe aliyense amayesa: ikuyaka kodi, batire ikusunga moto, mabatani akulemba, chaja ndi yake. Zonse zinali bwino. Tinalipira, n'kukwera basi kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa Mwanza, pomwe tinalipira msonkho wake. Kunyumba katundu sanachedwe kutha. Koma sabata ziwiri zisanakwane, malaputopu atatu anabwerera, ndipo dandaulo linali limodzi: wallpaper, chithunzi chija chimakhala kumbuyo pa sikirini, ikukana kusintha.

Poyamba tinaseka. Munthu n'kubweza laputopu chifukwa cha chithunzi? Titakhala pansi ndi mnyamata wina wokonza makompyuta, tinapeza kuti matendawo amaoneka amodzi koma gwero lake ndi losiyana.

Yoyamba inali ya aphunzitsi ena. Chithunzi chinali chakuda bii. Apa panalibe vuto lenileni. Mu Windows 10 mukalowa pa Settings, kenako Ease of Access, kenako Display, pali kabatani kolembedwa Show desktop background image. Kanali kozimitsa. Titakayatsa, chithunzi chinabwera, aphunzitsi ananyamuka akumwetulira.

Yachiwiri inali ndi mawu otuwa kumunsi kwa sikirini, kudzanja lamanja, akuti Activate Windows. Ku shopu kuja tinawaona koma sitinasamale. Tanthauzo lake ndi loti Windows yomwe ili m'katimo ilibe laisensi yotsimikizika, ndipo ikakhala choncho imatseka malo onse a Personalization, komwe munthu amasinthira chithunzi ndi mitundu. Njira yachidule ilipo: mukadina chithunzi chanu ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha Set as desktop background, chimasintha. Koma uku n'kuphimba chilonda ndi nsalu, mawu otuwa aja amakhalabe. Mnyamata uja anatiuza kuti malaputopu ambiri opangidwa kuyambira nthawi ya Windows 8 amakhala ndi laisensi yawo m'kati mwa makina. Yathuyi inabadwa ndi Windows ya Home, koma wina anaikamo ya Pro. Ataikamo ya Home n'kuilumikiza pa intaneti, inadzitsimikizira yokha. Tinalipira ntchito yake, nkhani n'kutha.

Yachitatu ndiye inatiliza. Mayi wina wa kumpingo kwathu anagulira mwana wake wamkazi amene ali ku koleji, ndalama yake ya ku banki m'khonde. Pa sikirini panali chizindikiro cha kampani ina ya ku South Africa. Mwanayo amati akafuna kuikapo chithunzi cha malemu bambo ake, makina amakana, n'kulemba mawu onena kuti zinthu zina zili managed by your organization. Anzake m'kalasi anayamba kumunena kuti akuyenda ndi laputopu yakuba.

Mayiyo anafika pa shopu osakwiya, ndipo n'zimene zinatipweteka kwambiri. Anangoti, "Bambo, ine ndinagula kwa inu chifukwa timapemphera limodzi. Mwana wanga akuchita manyazi kuitsegula pagulu."

Makampani akuluakulu amamanga makompyuta a antchito awo ndi malamulo, kuti wantchito asamasinthe zinthu mwachisawawa. Lamulo limodzi limatchedwa Prevent changing desktop background. Kampani ikamagulitsa makompyuta akale m'njira yoyenera, imayenera kufufuta zonse n'kuwachotsa m'kaundula wake. Tinaganiza kuti kungoikamo Windows yatsopano kuthetsa zonse. Inalowa bwinobwino, koma titangoilumikiza pa intaneti, panatulukanso dzina la kampani yomwe ija, ikufuna imelo ndi pasiwedi ya wantchito. Mnyamata uja anapukusa mutu. Anati nambala ya makinawo inalembetsedwa ku kampaniyo kudzera mu njira ya Microsoft yotchedwa Autopilot, ndipo amene amayenera kuichotsa m'kaundulamo ndi eni ake.

Kaya kampaniyo inaiwala kuichotsa, kaya laputopuyo inatuluka pakhomo lakuseri, ife sitinafune kuisiya m'manja mwa mwana wa munthu. Alipo anzathu amene anatilangiza kuti tipeze wina aizembetse kuti loko asaoneke, tiigulitse kwa wina wosadziwa. Tinakambirana usiku wonse. Ndalamayo inali mbali ya mpamba, koma malonda athu amayenda ndi dzina. Tinawabwezera mayiwo ndalama yawo yonse. Ulendo wotsatira tinapita nayo ku shopu kuja, koma risiti lathu linangolembedwa kuti malaputopu 6, popanda serial number. Anatikana m'maso muli gwa. Mpaka lero ili m'kabati.

Tsopano tikamagula, sitilipira tisanachite izi wogulitsa ali pompo. Timasintha wallpaper: tikadina pa sikirini ndi batani lakumanja n'kusankha Personalize, tione ngati ikulola. Timalowa pa Activation mu Settings, tione ngati yalemba kuti Windows is activated. Timaonanso pa Accounts, pamene pali Access work or school, ngati palibe dzina la kampani kapena sukulu. Timailumikiza pa intaneti ya foni yathu n'kuizimitsa, kuiyatsanso. Timalowa mu BIOS kuona ngati sikufunsa pasiwedi. Pomaliza serial number ya laputopu iliyonse ilembedwe pa risiti, pamodzi ndi dzina ndi adiresi ya shopu. Wogulitsa akayamba kuthamangitsa kuti basi ikusiyani, dziwani kuti pali chimene akubisa. Kumbukiraninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, choncho funsani ngati makinawo angalandire Windows 11.

Inu madalaivala, tikudziwa kuti abale amakutumani kuti muwagulireko laputopu pobwera. Mukagula yomangidwa ndi kampani, amene adzafunsidwe pa boda kapena kunyumba ndi inu, wogulitsa uja ali phee ku Joni. Mphindi khumi zoyesa sizingakuchedwetseni kulodetsa.

Amene munakumanapo nazo, tiuzeni momwe munathanirana nazo. Muyende bwino pamsewu.