Kuda kwanga si chilema

Ndinakulira m'fodya kuno ku Kasungu: kuthirira nazale mu Okutobala, kuwokera mvula ikagwa, kusoka m'chigafa. Dzuwa la kumunda limaphika khungu. Ndiye fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma, ndalama zina zimathera pa mafuta oyeretsa, poti pazithunzi za m'masaluni ndi pa Facebook, otchena amakhala oyera okhaokha.

Azakhali anga amakonda kunena kuti, "Mwana iwe nkhope ili bho, koma kudako!" Amanena moseka, komatu zimabaya.

Amene amandilimbitsa mtima ndi Alek Wek wa ku South Sudan, wakuda bii, yemwe anaikidwa pachikuto cha magazini ya Elle mu 1997. Lupita Nyong'o ananena mu 2014 kuti kumuona Alek kunamuthandiza kukonda khungu lake. Mu 2019, Thando Hopa wa ku South Africa anakhala mkazi woyamba wachialubino pachikuto cha Vogue, ya ku Portugal. Chaka chomwecho bungwe la APAM linachititsa mpikisano wa Mr ndi Miss Albinism ku Lilongwe. Kwa ife a ku Kasungu, komwe kamwana kachialubino kanaphedwa mu 2016, nkhani ya khungu si yamasewera.

Anzanga, ena mwa mafuta aja ali ndi mercury, yemwe amawononga impso. Ine bola ndalamayo ndikapatse telala andisokere chitenje chowala. Nanu osoka zovala, pojambula zotsatsa malonda muzivekanso akuda ndi achialubino. Timagula nawotu.