Makoma amene ankatisungira kuzizira

Ife amene tinakulira pafupi ndi mishoni ya Blantyre tinkadziwa kuti mu Okutobala, dzuwa likafika paliwombo, kothawira kunali m'tchalitchi cha St Michael and All Angels. Ambiri tinkayenda chosavala nsapato, ndiye ukangoponda pakhomo, kuzizira kwa pansi kunkalowera kumapazi, thukuta n'kuuma lokha. Munalibe fani. Makoma ochindikala aja ankamwa kutentha kwa usana pang'onopang'ono n'kudzakulavula usiku, pamene mpweya wotentha unkakwera kudenga lalitali, kutisiya ife pansi tikuimba mosapuma wefuwefu.

Tchalitchichi chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. M'busa David Clement Scott, amene anatsogolera ntchitoyo, sanaphunzirepo za mapulani a nyumba, ndipo makolo athu amene ankaponda dothi, kuumba njerwa m'zikombole zamatabwa ndi kuziwotcha ndi nkhuni, anali asanaonepo chimango chotere. Ndili mwana ndinkakonda kuyendetsa chala panjerwazo. Zina nzozungulira, zina zosongoka, zina zokhala ngati zosemedwa, ndipo iliyonse inakhala pamalo pake bwinobwino. Nayo nyumba ya Mandala, ya mu 1882, ili ndi nzeru yake: khonde lalikulu limene limatchinga khoma kuti dzuwa lisalimenye, mvula isalinyambite.

Amisiriwo ankamanga molingana ndi nyengo imene ankaidziwa. Chizimalupsa chinkabwera kudzazimitsa lupsa, kenako mvula yodzalira, mvumbi wa masiku angapo, chiperoni m'miyezi yozizira. Lero mvula imachedwa, ikabwera imakhuthuka ya masabata ambiri m'masiku ochepa. Amene tinali mu Blantyre m'Malichi 2023 sitidzaiwala namondwe Freddy, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Anthu ndiwo tinawalira, ndipo mpake. Koma nyumba zakale nazo zimavulala mwakachetechete. Ngalande ndi mipope ya padenga zinayezedwa pa mvula ya kale, choncho zimasefukira. Madzi amadikha m'mbali mwa maziko, chinyezi chimakwera m'khoma, pamatuluka mchere woyera, njerwa n'kuyamba kufumbutuka. Chilimwe chikafika ndi ukali wake, dothi la pansi limauma n'kukhwinyata, ming'alu n'kutseguka.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kakonzedwe kathu. Mmisiri wina wachikulire, amene ndinkamuperekera madzi akamagwira ntchito, ankakana kupaka simenti pa njerwa yakale. Ankasakaniza laimu ndi mchenga, n'kusiya matopewo agone. Laimu ndi wofewa, amalola chinyezi kutuluka. Simenti ndi youma gwa, imatsekera madzi m'kati, ndiye imene imadyeka ndi njerwayo. Masiku ano ndaonapo nyumba zakale zingapo zitamatidwa simenti ndi penti wonyezimira, timabowo tolowera mphepo tatsekedwa, mawindo akhomedwa kuti aikemo makina oziziritsa mpweya. Nyumba imene inkadziziziritsa yokha yasanduka yodalira magetsi. Ndipo magetsi athuwa, amene ambiri mwa iwo amachokera mumtsinje wa Shire, nawonso ali m'manja mwa nyengo yomweyo. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa nthawi yoposa chaka tinkagona mumdima kawirikawiri, majenereta akulira, utsi wa dizilo uli tolo.

Sindikukana zatsopano. Sola ndi yabwino, bola aiike pabwalo kapena pa nyumba ina ya kumbuyo, osaboola denga la makolo. Koma tisanagule makina, tiyambe takulitsa ngalande, tichotse masamba m'mipope mvula isanagwe, titsegule timabowo tija, tibzalenso mitengo ya mthunzi patali pang'ono ndi maziko. Amisiri odziwa laimu atsala ochepa, ndipo ambiri ndi amsinkhu wanga. Ndikadakonda kuona anyamata ndi atsikana a m'sukulu za ntchito zamanja atakhala nawo pa khoma limodzi kwa chilimwe chathunthu, manja a achikulirewo asanayambe kunjenjemera.