KU CHEMBE, KUMENE ANTHU AKUGULA NYUMBA ZA ALENDO

Awerengi athu ambiri amva mbiri ya mudzi wa Chembe, umene Azungu amautcha Cape Maclear, m'dziko la Mfumu Nankumba, m'boma la Mangochi. Masiku ano anthu a ndalama a m'matauni akuthamangira kumeneko kukafuna malo, kapena kukagula nyumba zoti alendo azigonamo polipira. Nkhaniyi ikukhudza wogula ndi wogulitsa yemwe, chotero tiyeni tiyambe taona malowo.

Munthu wochokera ku Mangochi atsata msewu wa ku Monkey Bay, ndipo atatsala pang'ono kufikako akhotera kumanzere. Kuyambira pamenepo pali mailosi ngati 11, kukwera ndi kutsika mapiri a miyala, anyani atakhala m'mbali mwa msewu ngati eni ake. Potsika phiri lotsiriza, nyanja ingoti mbee kutsogoloku, ndipo zisumbu za Thumbi ndi Domwe zioneka pafupi. Mudziwo ngwautali, wotsata mchenga. Pano pali mabwato ndi usipa woyanikidwa pa thandala, apo amayi akutsuka mbale, ndipo pakati pa nyumba za asodzi pali nyumba za alendo, zina zofolera udzu, zina za malata. Kumwamba nkhwazi ili kulira.

Alendo sanayambe lero kufika kuno. Dzina la Cape Maclear anapereka ndi David Livingstone pokumbukira bwenzi lake Thomas Maclear. M'chaka cha 1875 amishoni a ku Scotland, pamodzi ndi Dr Robert Laws, anafika ndi sitima ya Ilala namanga Livingstonia yoyamba pomwepa. Malungo anawapha ena, ndipo mu 1881 otsalawo anasamukira ku Bandawe. Manda awo alipo kufikira lero. Mu 1949 ndege zotera pamadzi za BOAC zinayamba kuima pano, alendo nagona m'hotela yabwino. Koma mu 1950 ndegezo zinaleka kubwera, ndipo hotela ija inasowa anthu nitsekedwa. Wofuna kugula nyumba aisunge nkhani imeneyi mumtima.

Chimene chikopa anthu makamaka ndi tinsomba ta mawanga totchedwa mbuna, tokhala m'miyala. Mitundu yake ndi mazanamazana, ndipo sitipezeka kwina kulikonse koma m'nyanja yathu ino. Pofuna kutiteteza, Boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 a UNESCO anawerengera malowa pamodzi ndi malo ofunika a dziko lonse lapansi. Anthu a ku Chembe sanawachotse, koma mapiri a kumbuyo kwa mudzi ndi zisumbu zomwe zili m'manja mwa paki. Kupha nsomba pa mtunda wa mamita 100 kuchokera ku gombe la paki nkoletsedwa, ndipo wokatola nkhuni kuphiri ayenera kukhala ndi chilolezo. Tsono taonani: kutsogolo kuli madzi, kumbuyo kuli paki, anthu akuchuluka, koma mchenga sukula. Ndicho chifukwa chake kamalo kakang'ono ka m'mbali mwa nyanja kakwera mtengo chotere.

Inu ofuna kugula, choyamba funsani za mwini dothi. Malo a m'mudzi ndi a makolo, ndipo munthu mmodzi sangawagulitse yekha monga agulitsira mbuzi. Kakalata kolemba pansi pa mtengo, abale a mwiniyo osadziwa, ndiko chiyambi cha mlandu. Onanani ndi a mfumu ndi a banja lonse, ndipo mupite ku ofesi ya Boma yoona za malo kuti mukhale ndi pepala la lisi. Ngati nyumbayo ili nayo kale lisi, werengani zaka zimene zatsala, ndipo muone ngati msonkho wake unaperekedwa. Kusunga alendo olipira kufunanso chiphaso chake cha Boma. Paja safunsa anadya phula.

Chachiwiri, funsani akuluakulu pamene madzi amalekeza nyanja ikadzaza. Inadzaza kwambiri mu 1980, ndipo mu 2024 inalowanso m'nyumba zambiri za alendo m'mbali mwa nyanja. Nyumba yoyandikana ndi madzi ikondweretsa maso, koma mafunde a mwera sayang'ana ndalama zimene munthu anataya pomanga.

Chachitatu, werengani bwino ndalama zanu. Alendo achuluka m'chilimwe, pa Khirisimasi ndi pa Pasaka, koma m'miyezi ya mvula mabedi akhala opanda anthu. Mu 2020, chifukwa cha nthenda ya Covid-19, alendo a kunja analeka kubwera kwa miyezi yambiri. Alendo alipo kapena palibe, mlonda ndi wophika afuna malipiro awo, udzu wa padenga uola, chiswe chidya mitengo, ndipo anyani salephera kulowa m'khitchini ngati chitseko chili chotsegula. Pafunikanso madzi abwino akumwa, chimbudzi chokumbidwa kutali ndi nyanja, ndi masikito pa bedi lililonse, pakuti malungo amene anathamangitsa amishoni aja sanathe. Mlendo auzidwenso zoona za likodzo, kuti akamwe mankhwala akasambira m'nyanja. Mwini nyumba wokhala ku Lilongwe kapena ku Blantyre sangathe kuona zonsezi ngati alibe munthu wokhulupirika pamalopo.

Ndipo inu anzathu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, ganizani bwino musanalandire ndalama. Ndalama zitha chaka chomwecho, koma wogula akamanga mpanda, ana anu adzakocheza kuti bwato, ndipo amayi adzadzera kuti popita kukatunga madzi? Ngati mwagwirizana kupereka malo, njira ya ku dooko isiyidwe, ndipo pangano lilembedwe pamaso pa a mfumu ndi mboni. Mlendo ali nalo phindu lake ndithu: agula chambo, mazira, zosemasema, ndipo alipira anyamata omuperekeza pa bwato ku Thumbi. Koma makolo anati mlendo ndi mame. Iye apita, ndipo otsala pa mchengapo ndinu ndi adzukulu anu.